Zinki Sapenta

A Kamvuluvulu sanakhalepo pampando mpaka kuutenthetsa. Tiyi amamwa ali chiimire, mabatani a malaya amamanga akuyenda, ndipo ukawafunsa kanthu yankho umalilandira kuchokera kumsana, eni ake atafika kale pakhomo. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a pa yadi ya maboti zaka makumi awiri zapitazo, ndipo linawakhala. Ngakhale akazi awo amawaitana choncho akafuna kuwaputa.

Chodabwitsa n'chakuti munthu wamtima wotere anasankha ntchito yodikira. Iwo ndi katswiri wa miyendo. Pa yadipo, mwendo ndi chigawo cha injini chimene chimatulukira kumbuyo kwa boti n'kulowa m'madzi, pulopela ali kumapeto kwake. Ndi wa aluminiyamu, wolemera moti munthu mmodzi sanganyamule, ndipo m'kati mwake muli magiya osambira mu oyilo. Chaka chilichonse boti likatulutsidwa m'madzi, a Kamvuluvulu amayala katoni pansi pa mwendo n'kuyamba kupala ndere ndi tinkhono. Akatero amakhula ndi sandipepa, kutsuka, kudikira kuti uume, kupaka andakoti, penti yoyambira ija, kudikiranso, kenako penti yoletsa ndere kawiri. Nthawi yodikirayo ndi imene anzawo amaonera sewero laulere. Bambowa amazungulira boti, amasesa posesa kale, amasanja masipanala n'kuwasokoneza kuti awasanjenso, kwinaku akuyang'ana pentiyo ndi diso loipa ngati ikuchedwa dala.

Komatu ntchito yawo inalibe mnzake. Amadziwa kuti penti ya mkuwa, ija amapaka pansi pa boti, siyenera kukhudza mwendo, ndiye amasiya mpata wa zala ziwiri kuzungulira. Amadziwa timabowo tolowera madzi oziziritsa injini, ndipo amatitsekula ndi waya kamodzikamodzi. Koma lamulo lawo lalikulu linali la zinki. Pamwendo pamamangidwa tizitsulo totuwa, tosaoneka bwino, totchedwa zinki. Madzi akafuna kudya chitsulo amayambira pa zinkiyo, mwendo n'kupulumuka. Ukaipaka penti madzi saiona, ndiye amatembenukira pa mwendo weniweniwo. Aliyense amene anaphunzira ntchito m'manja mwawo lamuloli analimva mpaka makutu kuwawa. Analilembanso okha pakhoma la shedi, ndi penti yofiira, zilembo zazikulu ngati mkono: ZINKI SAPENTA.

Kunyumba kwawo kunali boti lawolawo. Linali kuseri kwa nyumba, pamatayala akale, ndipo nkhuku zinaligawana kalekale. Injini yake inali theka m'bokosi, theka m'maloto. Koma mwendo wake unali wathunthu. Anautola zaka khumi ndi zinayi zapitazo pamene boti lakale la chipatala linaphwasulidwa, n'kuukonza giya ndi giya, mphira ndi mphira. Unaima pakhonde, pathandala lamatabwa, wofunditsidwa nsalu. Chaka chilichonse ankaupala n'kuupakanso penti yatsopano ngakhale sunalawepo madzi.

"Mwendo umenewu wadzola kuposa ine," akazi awo ankatero.

Pachivundikiro chake chapamwamba panali timadontho titatu tachikasu. Anatidinda ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anaviika chala m'chitini n'kunena kuti aka ndi ka ababa, aka ka amayi, aka kanga, tsiku lotsitsa boti tidzakwere tonse. Popenta, a Kamvuluvulu ankatiphimba ndi tepi timadonthoto. Mwanayo anakula, anakhala mphunzitsi, anakwatiwa, n'kukagwira ntchito pa sukulu ya pachilumba. Bambo ake ankamutchula kuti aphunzitsi, mwaulemu wonyada.

Tsono chaka chatha kunachitika kanthu kamene palibe ankadziwa. Boti latsopano la chipatala, m'bale wake wa lakale lija, linabwera kudzapentedwa, ndipo pa yadi panali maboti enanso atatu odikira manja omwewo. Tsiku lomaliza tepi wophimbira zinki popenta anatha. Munthu wina akanatuma kusitolo n'kukhala pansi. A Kamvuluvulu anangoyendetsa burashi mwendo wonse, zinki ndi zonse, n'kudziuza kuti mawa m'mawa adzapala pazinkipo ndi mpeni, ntchito ya mphindi zisanu. M'mawa mwake anaitanidwa ku boti lina limene linkalowa madzi. Pobwera anapeza la chipatala latsitsidwa kale ndipo lapita. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Akanatha kunena tsiku lomwelo. Koma munthu unganene bwanji, zilembo zofiira zili pakhoma ndi dzanja lako? Anati adzapala likabwera kudzathira mafuta. Likabwera, pamlatho wokochezapo maboti pamakhala anthu. Mwezi unatha, ina inatsatira, ndipo manyazi anakula kuposa cholakwacho. Chaka chonsecho kusakhazikika kwawo kunafika poipa. Akamva kulira kwa botilo patali ankasiya chimene akuchita n'kutchera khutu, mtima uli m'mwamba, mpaka litakocheza.

Sabata imene tikunenayi botilo linatulutsidwanso Lolemba, ndipo linayenera kubwerera m'madzi Lachinayi. Panalibe zochedwa. Aphunzitsi anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi inayi, ndipo anamwino a pachilumba ananena kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, akachirire ku chipatala chachikulu. Maboti amatabwa onyamula anthu ndi katundu amatenga maola asanu, akuwinduka ndi mafunde, ndipo anamwino anakaniratu. La chipatala limatenga ola limodzi. Linayenera kukawatenga Lachisanu.

Lachiwiri m'mawa a Kamvuluvulu anagona pakatoni pawo. Anayambira dala kumtunda, kutali ndi zinki, ngati munthu wozemba kalata imene akudziwa kale zolembedwamo. Koma mwendo si msewu, umatha msanga. Atapala ndere anaiona zinkiyo ili yonenepa, yosalala, penti yawo ikadali pompo. Madzi sanailawe n'komwe. Cham'munsi, pafupi ndi magiya, penti inali itatupa matuza. Anakhula ndi sandipepa, ndipo m'malo mwa chitsulo chowala panatuluka fumbi loyera ngati ufa. Anakhulabe. Panaoneka timaenje, kenako dzenje lolowa nsonga ya chala. Anatenga msomali n'kukanikiza pang'ono, ndipo panatuluka kadontho ka oyilo.

Anamasula bawuti yokhetsera oyilo, beseni ali pansi. Oyilo wabwino amakhala woyera bwino, wooneka mpaka pansi. Uyu anatuluka ngati tiyi wamkaka. Madzi anali atayamba kale kulowa.

Anakankhira beseni kuseri kwa migolo. Tsiku lonselo anayenda mtunda woti akanafika nawo kumudzi kwa makolo awo, koma onse anauyendera m'yadi momwemo. Anapita kumpopi kasanu osamwa madzi. Anakathandiza wowotcherera zitsulo kugwira paipi imene sinkafuna kugwiridwa. M'mutu munali masamu amodzi okhaokha. Mwendo watsopano ndi woitanitsa, ndipo sufika mwezi usanathe. Kuwotcherera pamalo pamenepo n'kosatheka popanda kuphwasula magiya onse, komanso chitsulo chodyeka choncho sichigwira moto. Chotsala chinali fila, phala lija amamatira galimoto zophwanyika. Ukamata bwino n'kukhula, n'kupaka andakoti ndi penti, ngakhale amene anapanga mwendowo sangadziwe.

Lachitatu m'mawa akazi awo anaimba foni. Anamwino anena kuti mapazi a aphunzitsi atupa kwambiri ndipo mutu ukuwawa, Lachisanu ndi kutali, boti lipite mawa m'mawa. Akapitawo a pa yadi nawonso anali atamva. Anali munthu wachinyamata, wodekha, amene anaphunzira kugwira burashi m'manja mwa a Kamvuluvulu omwewo.

"Madala, mwendowu uuma pofika mawa?" anafunsa.

"Uuma."

"Mwana ndi wanu, sindingakuuzeni zofulumira."

Akapitawo atangotembenuka, a Kamvuluvulu anasakaniza fila pakachidutswa ka katoni. Anamata, anadikira akuzungulira, anakhula mpaka posalala ngati tsaya la khanda, n'kupaka andakoti. Zinki ija anaipala msangamsanga kuti ioneke yotuwa. Woyendetsa botilo, amene onse amati akaputeni, anadutsa ndi chigubu cha mafuta n'kuima.

"Manja awa adzatisowa tsiku lina," anatero akaputeni. "Ine ndikakhala pakati pa madzi sindiganizako za kumbuyo. Ndimangoti a Kamvuluvulu anagwirapo."

Masana a Kamvuluvulu anapita kunyumba kukadya, monga mwa masiku onse. Analowa, anakoka mpando, anakhala. Akazi awo anabwera ndi madzi osamba m'manja, anawapeza ali chikhalire. Anabwera ndi mbale, anawapeza ali pomwepo, manja ali pamaondo. Pa zaka makumi atatu zaukwati anali asanaonepo zoterezi.

"Mwadwala?"

"Ayi."

"Nanga mpandowo wakulakwirani chiyani?"

A Kamvuluvulu anayesa kuseka koma sizinatheke. Anafotokoza zonse, kuyambira tepi uja mpaka fila ya m'mawawu, maso ali pambale. Akazi awo sanakalipe. Anakhala pampando winawo n'kupukuta manja pang'onopang'ono.

"Ndiye chaka chonsechi mumabwebweta ndi kudumpha foni ikalira, nkhani yake ndi imeneyi? Ine ndimayesa mwapeza wina."

"Bola akanakhala wina."

"Musandiyese. Fila yanuyo igwira?"

"Mwina mwezi. Mwina chaka."

"Mwina?"

"Mwina ithothoka mawa lomwe. Madzi akadzaza, magiya amatafunana, boti n'kuima pomwe lafikapo."

"Mwana wanga ali m'katimo, mutu ukuwawa, dzuwa lili pamutu. Bambo, ine manyazi anu ndawasenza zaka zambiri, ang'ono ndi aakulu omwe. Awa okha sindisenza nawo."

Akazi awo sanayang'ane kukhonde, ngakhale chitseko chinali chotsekula ndipo nsalu yofunditsa mwendo ija inkaoneka bwinobwino. A Kamvuluvulu ankaiona kuyambira pamene anakhala pansi. Kunena zoona, mwendowo anauganizira dzulo lomwe, ali kumpopi, n'kuthamangitsa ganizolo m'mutu. Kupereka mwendowo kunali kowawa, pakuti wina ngati umenewo sakanaupezanso pa msinkhu wawo. Koma chowawa koposa chinali chakuti sungafike pa yadi ndi mwendo wina popanda kunena chimene chavuta ndi woyambawo.

Anadzuka osadya. Anayala matiresi akale muwilibala, ndipo mothandizana ndi aneba awiri anagonekamo mwendowo n'kuumanga ndi chingwe. Akazi awo anavala nsapato n'kugwira mbali imodzi kuti usapendekeke. Anatsika nawo msewu wonse, kudutsa pa okonza njinga, pa telala, pa ometa tsitsi, wilo likulira ngati mwana wa mbuzi.

"Kodi botilo mwaganiza zolipititsa kumadzi chiwalo chimodzichimodzi?" wometa tsitsi anafunsa ali pakhomo pake. "Nkhuku zija mudzabwera nazo ulendo wachingati?"

Tsiku lina akanamuyankha zoti msewu wonse useke. Tsikuli anangokankha wilibala.

Pa yadi anaitana akapitawo ndi akaputeni. Wowotcherera naye anabwera yekha, monga amachitira anthu akanunkhiza nkhani. Botilo linali pafupi ndi khoma la shedi, pansi penipeni pa zilembo zofiira. A Kamvuluvulu anatenga tchizulo n'kugogoda pamalo posalala paja. Fila inathothoka yonse kamodzi, mosavuta, moti iwo omwe anachita nthumanzi. Anatulutsa beseni kuseri kwa migolo. Anamasula zinki n'kuitembenuza kuti onse aone penti ya chaka chatha imene inatsalira m'mphepete.

"Ndinapenta ndine," anatero. "Ndinadziwa tsiku lomwelo. Fila iyi ndamata ndine m'mawa uno."

Akaputeni anayang'ana dzenjelo, anayang'ana oyilo, n'kuchokapo. Kuchoka kumeneko kunawapweteka a Kamvuluvulu kuposa mbama. Akapitawo anaitembenuza zinkiyo m'manja kangapo.

"Madala, munandiphunzitsa ndinu zimenezi."

"Ndikudziwa."

"Kulakwa aliyense amalakwa. Koma chaka chathunthu, odwala akukwera?" Anapumira m'mwamba. "Ndiyenera kulemba lipoti. Ndipo kuyambira mawa miyendo muisiye kaye. Mukhala kotsuka maboti."

Kotsuka maboti ndi kumene amayambira obwera kumene, ndi ndowa ndi burashi yaitali. A Kamvuluvulu anangovomera ndi mutu n'kuvundukula nsalu pawilibala. Akapitawo sanakhulupirire mawu awo, ndipo anachita bwino. Anakhetsa oyilo pang'ono n'kumuyang'ana padzuwa. Anapopera mpweya m'kati kuti aone ngati ukutuluka penapake, n'kudikira mphindi khumi ndi zisanu maso ali pageji yoyezera mpweyawo. Anazungulitsa pulopela ndi dzanja, khutu ali pachitsulo. Pomaliza anakanda zinki iliyonse ndi chikhadabo. Mwini mwendo anaima pambali ngati mwana wasukulu, manja kumbuyo, mapazi okha akupondaponda.

"Ndi wabwino kuposa umene unabwera ndi botili," akapitawo anatero, osamwetulira. "Tiyeni timange."

Anamasula manati asanu ndi limodzi, anatsitsa wodwalawo ndi tcheni, anaika gasiketi yatsopano yoletsa madzi kulowa polumikizira, anapaka girizi pashafuti. Shafutiyo inakana kulowa kawiri. Kachitatu akaputeni anabwera okha n'kugwira pulopela kumutembenuza pang'ono, ndipo mwendo unalowa kuti khwatsa. Dzuwa lisanalowe anali atauyesa ndi madzi a papaipi, giya yakutsogolo ndi yakumbuyo, ukulira mosalala.

Lachinayi m'mawa botilo analitsitsa. Mwendo umene unadikira zaka khumi ndi zinayi unalowa m'madzi popanda mwambo, pakati pa kukuwa kwa oyendetsa thirakitala ndi fungo la dizilo. A Kamvuluvulu anafuna kukwera nawo.

"Malo ndi a anamwino ndi machira," akaputeni anatero. Anali mawu awo oyamba chichitikireni zija.

Boti linapita. Akazi awo anakhala pabenchi ya pamlatho, chikwama cha zovala za khanda chili pamiyendo. A Kamvuluvulu anatenga ndowa yawo yatsopano, anatsuka theka la boti la munthu wina, anaisiya, anapita kumapeto kwa mlatho, anabwerera. Ankawerenga m'mutu nati aliyense, mphira aliyense amene anaika zaka zapitazo. Nanga ngati wina anauma n'kukhala pakhonde? Mwendo wosalawa madzi ndani angaulumbirire? Ola linatha, lachiwiri linatha. Galimoto ya chipatala inafika n'kuima pafupi, dalaivala akuyang'ana wotchi.

"Mubowola matabwawo," akazi awo anatero. Koma nawonso chikwama anali atachifinya mpaka zala kuyera.

Anayamba ndi kumva, asanaone. Kulira kwake kunali kosalala, kosadukiza, ndipo anakudziwa ngati mmene munthu amadziwira chifuwa cha mwana wake m'khamu. Boti linakocheza. Anamwino anatsika, kenako mkamwini wawo ndi zikwama, kenako aphunzitsi, amene anakana machira. Nkhope inali yotupa, mapazi ali m'masilipasi a amuna awo, koma ankayenda okha, dzanja lili paphewa la amayi awo.

Akaputeni anazimitsa injini n'kukweza mwendo, monga amachitira pamadzi osaya. Unatuluka ukudontha. Aphunzitsi, amene ankadutsa cha kumbuyo kwa botilo, anaima. Pachivundikiro panali timadontho titatu tachikasu.

"Ababa," anatero chapansipansi, "uwu si wa pakhonde?"

"Ndi womwewo."

"Nanga boti lathu?"

"Nkhuku sizikanalola n'kale," anayankha. "Mwakwera, aphunzitsi. Tinapangana kuti mudzakwera."

"Tinapangana tonse atatu."

"Tiyeni, mayi, galimoto ikudikira," anamwino anatero.

Aphunzitsi anagwira dzanja la bambo awo, lokhakhala ndi penti, n'kulifinya mpaka pakhomo la galimoto. Akazi awo analowa, mkamwini analowa, chitseko chinatsekedwa. Galimoto inakwera mtunda n'kukhota pa sitolo ya zitsulo.

A Kamvuluvulu anatsika potsetsereka potsitsira maboti osavula nsapato, madzi mpaka m'maondo. Anapapasa mwendowo pansi, cha kumagiya, popanda ngakhale kadontho ka oyilo. Anapapasa zinki, yotuwa, yopanda penti. Akaputeni ankawayang'ana ali m'boti akukulunga chingwe.

"Wakoka bwino," akaputeni anatero. "Sunatsokomole ngakhale kamodzi."

Pamenepo a Kamvuluvulu anakhala pansi pasimenti yonyowayo, madzi akuwanyambita mathalauza, ndipo analira osabisa nkhope. Palibe anawaseka. Anakhala pomwepo nthawi yaitali, mpaka akapitawo anabwera n'kuwaikira ndowa ndi burashi pambali, chifukwa boti la munthu uja linali likadali lotsukidwa theka.